Lembani cholinga cha moyo wanu mayesero asanafike

 

Pa zipupa za sukulu zambiri, zipatala ndi maofesi a mabungwe pamalembedwa ndi penti mawu ofotokoza masomphenya ndi cholinga cha malowo. Ambiri timangodutsa osawerenga. Komatu nzeru yake ndi yabwino: bungwe lodziwa chimene linakhazikitsidwira limadziwa ntchito yoti ligwire ndi yoti likane, ngakhale yokanidwayo itabwera ndi ndalama zambiri. Lero tikambirane momwe munthu payekha, kapena banja, angalembere mawu otere okhudza moyo wake, ndi momwe mawuwo angamuthandizire pa tsiku limene akufunika kusankha chochita pa nkhani yolemera.

Pachingerezi mawu oterewa amatchedwa mission statement. Anafala kudzera m'makampani ndi m'mabungwe, ndipo amene anatchukitsa kwambiri ganizo lakuti munthu aliyense alembe ake ndi Stephen Covey wa ku America, m'buku lake la 1989 lotchedwa The 7 Habits of Highly Effective People. Msilamu angathe kutolapo phindu pa njira imeneyi, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Alangizi ambiri a masiku ano amauza munthu kuti afufuze mumtima mwake mpaka apeze chimene anabadwira. Kwa ife funso limenelo linayankhidwa kale. Surat Adh-Dhariyat, ndime 56, imatidziwitsa kuti anthu ndi majini analengedwa kuti azipembedza Allah. Choncho sitikupeka cholinga chatsopano. Tikutenga cholinga chachikulucho n'kuchitsitsira pa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Kupembedza Allah kukutanthauza chiyani kwa msodzi wa ku Malindi, kwa mayi wogulitsa usipa pa msika wa Salima, kapena kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Nkhotakota?

N'chifukwa chiyani tilembe?

Chifukwa choyamba n'chakuti nkhani zolemera sizidikira kuti munthu akonzeke. Mnzako akuimba foni kuti galimoto ya ku Joni inyamuka Lachisanu ndipo patsala malo amodzi. Mwana wadwala usiku, m'nyumba mulibe ndalama, ndipo wakatapira ali pafupi. Munthu wachuma wabwera kudzafunsira mwana wanu wa zaka 16 m'nyengo ya njala. Pa nthawi zotere mtima umadzaza ndi mantha kapena chilakolako, ndipo munthu amangogwira chimene chili pafupi. Ukonde amasokera kumtunda dzuwa likuwala. Sasoka pakati pa nyanja mwera utayamba.

Anthu a m'mphepete mwa nyanja nzeru imeneyi timaidziwa kale. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima usodzi umatsekedwa chaka ndi chaka kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Malamulowa anamangidwa kale, mfumu ndi anthu ake atakhala pansi. Ndiye msodzi akamva kuti utaka wachuluka mu Januwale, sayambanso kukangana ndi mtima wake ngati apite kapena ayi. Nkhaniyo inatha kale. Mawu a cholinga cha moyo amagwira ntchito yomweyi: mumamanga mfundo mtima uli m'malo, kuti tsiku la mayesero lidzapeze mutadziwa kale mbali yanu.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti munthu ndi woiwala. Ndime yayitali kuposa zonse mu Qur'an, ndime 282 ya Surat Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) analimbikitsanso kuti munthu amene ali ndi choti asiyire wasiya asachedwe kulemba wasiyayo. Ngati ngongole ya ndalama, yaing'ono kapena yaikulu, ikufunika kulembedwa kuti pasadzakhale kuiwala ndi kukangana, nanga mfundo zimene mwamanga pa moyo wanu wonse?

Chifukwa chachitatu n'chakuti kulemba kumaulula niya. Hadith yoyamba m'buku la Sahih Al-Bukhari, imene inadzera mwa Umar ibn Al-Khattab (radhiya Allahu anhu), ikukamba za niya ndi momwe imapatsira ntchito iliyonse mtengo wake pamaso pa Allah. Vuto ndi lakuti niya imabisala ngakhale kwa mwini wake. Imam Al-Ghazali anabadwa mu 1058 ku Tus, m'dziko limene lero ndi Iran. Mu 1091 anapatsidwa udindo wophunzitsa pa sukulu yotchuka ya Nizamiyya ku Baghdad, ndipo ophunzira mazanamazana ankakhala pamaso pake. Iye mwini anafotokoza kuti atafufuza niya yake anapeza kuti chimene chinkamukoka chinali ulemu ndi kutchuka. Anavutika mumtima pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, mpaka lilime linakana kuphunzitsa. Mu 1095 anachoka ku Baghdad, atasiyira banja lake zofunika, n'kupita ku Damascus, ku Jerusalem ndi ku Hajj. Mu 1106 anayambanso kuphunzitsa ku Nishapur, ntchito yomwe ija koma ndi niya yatsopano, ndipo anamwalira mu 1111. Sitikunena kuti musiye ntchito kapena banja. Tikunena kuti ngati munthu wozama m'maphunziro ngati ameneyu anatha zaka asanaione bwino niya yake, ife sitingadzidalire. Mukayesa kulemba chifukwa chimene mukuchitira zimene mukuchita, mumaona msanga ngati chifukwacho mungathe kuimirira nacho pamaso pa Allah.

Tisalakwitse pa zinthu zinayi

Choyamba, kulemba pepalali si ibada yapadera ndipo si sunna. Palibe mawu oikika, palibe tsiku loikika, ndipo amene sanalembe alibe tchimo. Malo a niya ndi mumtima. Pepala ndi chida chabe, ngati kabuku kamene wamalonda amalembamo za geni yake.

Chachiwiri, musalisandutse lumbiro kapena nadhiri. Musalembe kuti mukulumbira m'dzina la Allah kuti mudzachita chakutichakuti. Lumbiro ndi lolemera. Surat Al-Ma'idah, ndime 89, ikufotokoza dipo la munthu wophwanya lumbiro: kudyetsa osauka khumi, kapena kuwaveka, kapena kumasula kapolo, ndipo wosatha zimenezi asale masiku atatu. Inu lembani m'mawu oonetsa khumbo ndi kutsimikiza mtima, n'kutsiriza ndi Insha Allah, monga momwe Surat Al-Kahf, ndime 23 ndi 24, ikutiphunzitsira pa zinthu zamawa.

Chachitatu, pepalali si hirizi. Silisokedwa m'kansalu, silimangidwa m'chiuno, siliikidwa pa bwato kuti likope nsomba. Lilibe mphamvu iliyonse mwa ilo lokha. Phindu lake lili pa kuliwerenga ndi kulitsata.

Chachinayi, si mndandanda wa zinthu zimene mukulakalaka. Njinga yamoto, injini ya boti, nyumba ya malata ndi foni yatsopano ndi mapulani, ndipo mapulani amasintha ndi mitengo ya zinthu. Cholinga chimafotokoza kuti mukufuna kukhala munthu wotani, kaya injiniyo mwaipeza kapena ayi. Munthu wongotsata zolakalaka amafanana ndi uja akulu anamunena kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Poyambira pake

Mafunso a mayeso a MSCE amabisidwa mpaka tsiku lolemba. Mafunso a tsiku la Qiyama anaululidwa kale. Mu hadith imene anailemba Imam At-Tirmidhi, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anatidziwitsa kuti munthu adzafunsidwa za moyo wake, za unyamata wake, za chuma chake kumene anachipeza ndi kumene anachimwaza, ndiponso za maphunziro ake ngati anawagwiritsa ntchito. Wophunzira amene wauzidwa mafunso asanalowe m'chipinda cha mayeso n'kulephera kukonzekera alibe pothawira. Mawu a cholinga cha moyo ndi kukonzekera mayankho a mafunso amenewa.

Sankhani nthawi yabata, monga pambuyo pa Swala ya Fajr, foni ili patali. Tengani pepala mulembe zinthu zitatu.

Yambani ndi maudindo anu. Ndinu kapolo wa Allah. Kenako ndinu ndani kwa anthu? Mwana wa makolo okalamba, mwamuna kapena mkazi wa wina, bambo, mayi, malume amene akuyang'anira ana a mlongo wake, mwini bwato wolemba anyamata ntchito, wophunzira, mnansi. Lembani onse, kenako muwaike m'ndondomeko, wolemera kwambiri pamwamba.

Kachiwiri, pa udindo uliwonse lembani chinthu chimodzi chimene mukuopa kuti mudzafunsidwa. Musalembe mawu aakulu ngati kukhala bambo wabwino, chifukwa mawu otere sakakamiza munthu kuchita kanthu. Lembani chinthu chooneka: ana adye za halaal, aphunzire kuswali asanakule, pasakhale mwana wosiya sukulu chifukwa chotumidwa kunyanja.

Kachitatu, lembani malire anu, zinthu zimene simudzachita ngakhale zinthu zitavuta. Gawo limeneli ndi limene lidzakuthandizeni kwambiri. Aliyense amadziwa pamene iye amaterereka. Wina ndi katapira, wina ndi kubetcha mpira pa foni, wina ndi kubera pa sikelo, wina ndi chiwerewere pa doko nsomba zikavuta kupeza. Musalembe tchimo limene silikuyesani n'kusiya limene limakugogoderani pakhomo tsiku ndi tsiku.

Mukatha, fupikitsani zonse kuti zikhale ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zoti mungaziloweze pamtima. Lembani m'chilankhulo chimene mumalankhula mukakhala nokha, kaya Chiyao, Chichewa kapena china. Amene satha kulemba auze mwana kapena mdzukulu womukhulupirira kuti amulembere, kapena ajambule mawu ake pa foni.

Zitsanzo ziwiri

Mwini bwato angalembe chonchi: Ndine kapolo wa Allah, ndipo ndikufuna kukakumana naye ndilibe mangawa kwa munthu aliyense. Banja langa ndilidyetsa za halaal, zichepe kapena zichuluke. Nyanja sidzandilanda Swala. Sindipha nsomba ndi neti ya udzudzu kapena m'nyengo yotseka, chifukwa ana anga adzafuna nyanja yomweyi. Anyamata a pa bwato langa azilandira gawo lawo lonse pa nthawi yake. Ana anga, aamuna ndi aakazi omwe, aphunzira madrasa ndi sukulu, Insha Allah.

Mtsikana wa ku sekondale angalembe chonchi: Ndikuphunzira kuti ndikondweretse Allah, ndithandize makolo anga ndiponso nditumikire anthu a kwathu. Sindigula malikisi ndi chinyengo kapena ndi thupi langa. Sindilandira mphatso imene sindingathe kuonetsa mayi anga. Anzanga apamtima ndi amene amandikumbutsa Swala ndi mabuku. Ndikalakwa ndilapa msanga ndipo ndipempha thandizo, Insha Allah.

Onani kuti m'zitsanzo zonsezi mulibe dzina la ntchito kapena kuchuluka kwa ndalama. Mtsikanayu akhoza kudzakhala namwino, mphunzitsi kapena wamalonda, mawu ake n'kukhalabe omwewo. Musakopere zitsanzozi. Malaya a mnzako sakukwana bwino. Lembani zogwirizana ndi moyo wanu.

Tsiku losankha likafika

Tibwerere ku nkhani zitatu zija. Ya ku Joni ndi yodziwika m'mabanja ambiri a ku Mangochi ndi maboma oyandikana nawo. Pepala lanu silinena kuti pitani kapena musapite. Limakupatsani mafunso oyenera. Ngati munalemba kuti banja lidya za halaal, funso ndi lakuti ntchito imene akukuitanirani ndi yotani, ndipo mulowa m'dzikolo ndi ziphaso zoyenera kapena ayi. Ngati munalemba za kulera ana, funso ndi lakuti adzawayang'anira ndani, mukhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo mkazi wanu wavomera ndi mtima wonse kapena wangokhala chete. Amuna awiri angawerenge mapepala awo, wina n'kupita, wina n'kutsala, onse atasankha bwino. Chimene pepala limaletsa ndi kukwera galimoto chifukwa chongoona mnzako wabwera ndi wailesi yaikulu.

Nkhani ya mwana wodwala ndi yovuta kwambiri, chifukwa zinthu ziwiri zolemera zikukokana: kupulumutsa moyo ndi kupewa riba. Imam Al-Ghazali, ndipo pambuyo pake Imam Ash-Shatibi amene anamwalira mu 1388, anafotokoza kuti malamulo a Chisilamu amateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Moyo wa mwana ndi wolemera kuposa chuma chilichonse, choncho mbuzi igulitsidwe, njinga ipite, koma mwana afike kuchipatala. Apa m'pamene phindu la kulemba msanga limaonekera. Munthu amene analemba kuti sadzatenga katapira sadikira usiku wa matenda. Amayamba lero kusunga kangachepe koyendera pa ngozi, amadziwa m'bale amene angamubwereke popanda chiwongoladzanja, ndipo amakambirana ndi anzake a pa mzikiti za thumba lothandizana. Malire opanda kukonzekera amagwa pa mayesero oyamba. Zikafika poti njira zonse zatsekeka, funsani masheikh odziwa malamulo a nthawi ya kusowa pogwira, musadzigamulire nokha.

Pa nkhani ya mwana wamkazi, makolo amene analemba pamodzi kuti ana awo onse amaliza sukulu amakhala ndi yankho wofunsira asanakhale n'komwe pa mkeka. Dziwaninso kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi. Njala imatha mvula ikagwa bwino, koma zaka za sukulu zikatayika n'zovuta kuzitolanso. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mwamuna ndi mkazi akhale ndi mawu a banja lonse kuwonjezera pa a aliyense payekha, kuti wina akafooka mnzake amukumbutse zimene anagwirizana.

Pepala sililowa m'malo mwa shura ndi istikhara

Mukawerenga mawu anu n'kuona kuti chinthucho n'chololedwa ndipo chikugwirizana ndi cholinga chanu, patsala masitepe awiri. Loyamba ndi kufunsa maganizo. Surat Ash-Shura, ndime 38, ikuyamikira okhulupirira amene amayendetsa zinthu zawo pokambirana, ndipo mu Surat Aal Imran, ndime 159, ngakhale Mtumiki amene ankalandira chivumbulutso analamulidwa kufunsa maganizo a anzake. Mutu umodzi susenza denga. Funsani munthu woopa Allah amene akudziwa nkhaniyo, osati amene angokuuzani zimene mukufuna kumva.

Lachiwiri ndi Swala ya istikhara, imene Jabir ibn Abdillah (radhiya Allahu anhu) anasimba kuti Mtumiki ankawaphunzitsa mosamala kwambiri. Mumaswali maraka awiri osakhala a faradhi, kenako n'kupempha duwa yake, kuti Allah afewetse chinthucho ngati chili chabwino kwa inu ndipo achitalikitse ngati chili choipa. Sikofunika kudikira maloto. Komanso istikhara siichitidwa pa chinthu chimene n'chodziwika kale kuti ndi haraam. Mukatero, chitani chimene mwasankha n'kusiya zotsatira m'manja mwa Allah. Cholinga cholembedwa bwino sichiletsa bwato kumira kapena geni kugwa. Chimakuthandizani kuti zikatero mutaye chuma chokha, chikhulupiriro chanu ndi ulemu wanu zitsale.

Kulibwereza

Pepala loikidwa pansi pa sutikesi n'kuiwalika lilibe ntchito. Maulama akale ankalimbikitsa muhasaba, kutanthauza kudziwerengera wekha. Mmodzi wa iwo, Al-Harith Al-Muhasibi, amene anamwalira ku Baghdad mu 857, anapatsidwa dzina limeneli chifukwa cha khalidwe lomweli. Werengani mawu anu Lachisanu lililonse musanapite ku Jumu'ah kapena madzulo ake, n'kudzifunsa kuti sabata imeneyi ndayenda motani. Kamodzi pachaka, monga m'masiku khumi omaliza a Ramadhan, aunikeni bwino. Maudindo amasintha: mbeta imakwatiwa, makolo amamwalira, ana amakula. Sinthani zofunika kusintha, koma samalani kuti musafufute malire chifukwa chakuti akulemerani.

Mukapezeka kuti mwaphwanya zimene munalemba, musang'ambe pepalalo. Satana amakonda kuuza munthu kuti poti wagwa kamodzi, palibenso chifukwa choyesera. Khomo la kulapa ndi lotsegula. Lapani, bwezani za eni ake ngati munatenga, ndipo muone chimene chinakugwetsani kuti mutseke mpatawo.

Makolo, thandizani ana anu achinyamata kulemba mawu awo, koma musawalembere. Mu Surat Luqman, ndime 13 mpaka 19, tikuona bambo akulangiza mwana wake mwachikondi, kuyambira pa umodzi wa Allah, kufika pa Swala, kupirira, ndi kudzichepetsa pakati pa anthu. Khalani nawo pansi, afunseni mafunso, mumvetsere. Mwana amateteza mfundo imene waimanga yekha kuposa imene wangopatsidwa.

Ntchito yonseyi ikufuna pepala limodzi, cholembera ndi ola limodzi la bata. Musadikire chaka chatsopano. Tikupempha Allah kuti ayeretse niya zathu, adalitse rizq yathu, ateteze ana athu, ndipo atilimbitse pa choonadi kufikira tsiku lokumana naye. Ameen. Allah ndiye wodziwa koposa.